Tithandizeni kumanga chisakasa cha atsikana osema kwa Mkanda

Ife a komiti ya sukulu ya pulayimale kuno kwa Mkanda m'boma la Mchinji, pamodzi ndi amayi a Mother Group (gulu la amayi olimbikitsa atsikana kukhala pa sukulu), tikupempha thandizo kwa inu ana a kuno omwe muli ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Joni, komanso kwa onse akufuna kwabwino. Tikufuna kumanga chisakasa cholimba ndi kugula zida zoti atsikana athu aziphunzirira kusema, mvula isanagwe.

Owaphunzitsa alipo kale, ndipo safuna malipiro. Ndi mayi achikulire omwe anabwera kuno ali mtsikana kuchokera m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pa nthawi yomwe dziko lathu linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Atasainirana mtendere ku Rome mu 1992 ambiri anabwerera kwawo, koma iwo anali atakhazikika kale pabanja ndipo anatsala. Kusema anaphunzira kwa amalume awo, omwe ankasema mitondo ndi mipini kuti banja lipeze ufa. Anthu ankawaseka kuti mkazi amaumba mbiya, kasemasema ndi wa amuna. Iwo sanataye mtima.

Pa zaka zonsezi mayiwa akhala akusema akazi okhaokha. Sasema njovu kapena mvuu, ngakhale ndi zimene zimayenda malonda. Pakhonde pawo mupezapo chiboliboli cha mayi wosenza nkhuni, mwana ali kumbuyo, khosi litalowa m'mapewa. Mupezapo mzamba atagwada. Chomwe chimatiyankhulitsa kwambiri ndi cha mayi yemwe akumasula mfundo ya ndalama kunsonga kwa chitenje, ngati wangochokera kogulitsa mtedza kwa Kamwendo, ndipo pambali pake patuluka dzanja la mwamuna litatambasuka. Dzanja lokha basi, lopanda nkhope. Amayi akachiona amagwedeza mitu, chifukwa aliyense amadziwa yemwe anatipula, kukumba ndi kuswa mtedzawo, amadziwanso yemwe amakalandira ndalama.

Atsikana omwe amasonkhana kwa mayiwa Loweruka lililonse ambiri ndi aja anabereka ali aang'ono n'kubwereranso m'kalasi. Boma linayamba kulola zimenezi mu 1993, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti mwana asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Komabe ife timaona ndi maso athu kuti mtsikana wotere akasowa sopo, kope ndi phala la mwana, satha teremu. Amene agwira luso amasema zipande, mithiko, timbale ndi tiziboliboli, n'kupeza kangachepe kodzigulira okha, osadikira mnyamata wa kabaza. Posema mitengoyo amakambanso zakukhosi zomwe kwa aphunzitsi sanganene.

Vuto ndi lakuti onse amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Dzinja lathali mitengo yomwe anaiyanika inavunda, ina chiswe chinadya. Kasemasema ndi mmodzi, wongolandirana. Ndipo mayiwa maso ayamba kuwavuta, moti tikachedwa lusoli lipita nawo.

Ifenso sitinapinde manja. Amfumu apereka malo pafupi ndi sukulu, makolo aumba ndi kuotcha njerwa, mchenga tatuta, amisiri a m'mudzi muno avomera kumanga ulere. Chatikanika ndi malata, simenti, misomali, matabwa a denga ndi chitseko chokhoma. Pa zida tikusowa akasemasema, matchizulo, tupa, macheka, sandipepa ndi polishi. Chida chakale chomwe chikungokhala m'nyumba mwanu tichilandira ndi manja awiri, tidzachinola.

Ena afunsa za mitengo, ndipo ndi funso loyenera. M'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji sitilowamo. Atsikanawa amasema zitsa, mango okalamba ndi malaina. Tikupempha machubu ndi njere za mlombwa ndi mbawa kuti sukulu ikhale ndi nazale yake.

Pakapezeka otithandiza galimoto, tikufunitsitsa kupita nawo ku Mua m'boma la Dedza, akaone ntchito ya osema a ku Kungoni, malo omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. Mayiwa amangomva mbiri yake, ndipo akuti akufuna akaone maso asanatheretu.

Ndalama kapena katundu aliyense adzalembedwa m'buku la msungichuma wa komiti ndi kuwerengedwa poyera pa msonkhano wa makolo, amfumu ali pomwepo. Wofuna kuthandiza adzere kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa wapampando wa komiti. Mukabwera Loweruka m'mawa mudzawapeza atsikanawa ali pantchito. Tikufuna denga likhale litafoleredwa mwezi wa Novembala usanafike.

Zikomo kwambiri.

Komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group