Ndalama zoyezera chakudya zisamakhale zotsalira pa bajeti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa momwe maboma amagawira ndalama za kafukufuku wa chakudya. Ndinagwira ntchito mu labotale yoyeza zakudya kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero ndimakumbukira makina ena odula amene anabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu. Tsiku lowatsegulira kunafika akuluakulu, zithunzi zinajambulidwa. Pulojekiti itatha, mankhwala oyezera anathera pomwepo, kachipangizo kena kanafa, wokonza panalibe womulipira, ife n'kuwafunditsa nsalu makinawo kuti fumbi lisalowe. Masampulo ankabwerabe. Tinkawalemba m'buku n'kuwaika mu firiji, ena mpaka kuonongeka tisanawakhudze.

Nduna zikakhala pansi kukambirana za chakudya, mtima wonse umakhala pa kuchulukitsa zokolola, mbewu zamakono, feteleza ndi ulimi wothirira. Sindikutsutsa zimenezo, njala si yoseweretsa. Koma chakudya chikhoza kukhala chambiri n'kumapha anthu ochidyawo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaulula mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira, mwa iwo ana 125,000 osakwana zaka zisanu.

Tengani poizoni wa aflatoxin, amene amachokera ku chuku chomera pa chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume bwino. Asayansi anamutulukira nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960, zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kuphika sikumuchotsa. Njere ikhoza kuoneka yoyera bwino ili naye, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya, makamaka ku Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala, maso achikasu, chiwindi chitaonongeka, ndipo 125 anamwalira. Chimanga chimene chinawapha chinali cholima okha, chokololedwa mvula ikugwa. Amenewo ndi amene anawerengedwa chifukwa anafa mwadzidzidzi. Amene amadya pang'onopang'ono kwa zaka n'kudzapezeka ndi khansa ya chiwindi, makamaka ngati ali kale ndi matenda a hepatitis B, palibe amalemba kuti chakudya ndicho chawapha.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kumene ndalama zoyezera zimapezeka msanga ndi pa katundu wogulitsa kunja. Maiko a European Union salola mtedza wodyedwa ndi anthu kupitirira ma microgram 4 a aflatoxin pa kilogalamu (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), choncho wamalonda amayezetsa katundu wake, amasankha wabwino n'kutumiza. Nanga wotsalira uja, wofota ndi wothothoka, amapita kuti? Kawirikawiri amabwerera pa msika wamba, kumene mayi wosauka amaugula chifukwa ndi wotsika mtengo, n'kukadyetsa mwana. Labotale yomangidwa ndi misonkho ya anthu imateteza wogula wakutali, mwini msonkho n'kudya zotsalira.

Kumene labotale imagwira ntchito tsiku ndi tsiku, phindu lake limaoneka. Ku South Africa mu 2017 ndi 2018 kunabuka matenda a listeriosis, obwera ndi tizilombo ta m'chakudya, amene anagwira anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200, ambiri mwa iwo makanda ongobadwa kumene. Akatswiri a ku NICD, bungwe lofufuza za matenda opatsirana ku Johannesburg, anayerekeza chibadwa cha tizilombo topezeka m'magazi a odwala ndi topezeka m'zakudya. Ana a pa sukulu ina ya mkaka ku Soweto atadwala mu Januwale 2018, poloni amene anadya anayezedwa, ndipo njira inalondoleka mpaka ku fakitale ina ya ku Polokwane. Pa 4 Malichi nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inalengeza gwero, katunduyo anachotsedwa m'masitolo, odwala anayamba kuchepa. Akatswiri amenewo sanaphunzitsidwe mliri utayamba. Analipo kale, makina awo akuyenda. Ndipo ngakhale zinali choncho, panapita miyezi yambiri anthu akufa gwero lisanadziwike. Ganizani dziko limene makina ake afunditsidwa nsalu.

Ena amati ndalama n'zochepa, zipatala nazo zikulira. Zoona. Koma odwala otsegula m'mimba amene adzaza zipatalazo ambiri achokera pa mbale ya chakudya. Banki Yaikulu Padziko Lonse inawerengera kuti maiko osauka ndi otukuka pang'ono amataya madola pafupifupi 110 biliyoni pachaka chifukwa cha chakudya choipa, pa kulipira mankhwala ndi pa masiku amene anthu amalephera kugwira ntchito.

Pempho langa kwa aphungu ndi nduna za chuma ndi lakuti asanavomereze nyumba ina yatsopano ya labotale, afunse kaye ngati yomwe ilipo ili ndi mankhwala oyezera a chaka chonse, ndi ngati achinyamata ophunzira bwino akukhalamo kapena akuthawa. Ndalama imeneyi ikhale ndi mzere wakewake mu bajeti ya boma, osadikira pulojekiti ya akunja imene imatha. Nzeru zina zilipo kale, monga mankhwala a Aflasafe amene bungwe lofufuza za ulimi la IITA linathandiza kupanga kuti achepetse chuku cha poizoni m'munda, ndi timapepala toyezera msanga timene woyendera misika angathe kunyamula m'chikwama. Chosowa ndi ndalama yozifikitsa kwa mlimi ndi wogula. Ndipo zotsatira za zimene ayeza pa misika wamba azizilengeza poyera miyezi itatu iliyonse, kuti atolankhani anu aziziona n'kufunsa mafunso.

Ine wowerenga wanu,
Woyeza zakudya wopuma pantchito