Mafamase azipereka mapiritsi olera apangozi mogwirizana ndi madokotala

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za mapiritsi olera apangozi, aja amene mayi amamwa akagonana mosadziteteza, kondomu ikang'ambika, kapena akagwiriridwa. Maganizo anga ndi akuti akatswiri a mankhwala a m'mafamase azipereka mapiritsiwa potsatira mgwirizano wolembedwa pakati pa iwo ndi madokotala kapena anamwino amene ali ndi chilolezo cholembera odwala mankhwala.

Mapiritsiwa amadalira nthawi. A levonorgestrel amayenera kumwedwa pasanathe maola 72, a ulipristal pasanathe maola 120, ndipo mayi akamwa msanga m'pamene amathandizika kwambiri, chifukwa ntchito yawo ndi kuchedwetsa kutuluka kwa dzira. Bungwe la WHO limanena momveka kuti sachotsa mimba imene yakhazikika kale. Choncho mayi amene zamugwera Lachisanu usiku, n'kudikira kufikira Lolemba kuti akaime pamzere wa kuchipatala, amakhala atataya maola ofunika kwambiri, pomwe famase inali yotsegula Loweruka.

Njira imene ndikunenayi inayesedwa kale. Mu 1998, m'chigawo cha Washington ku America, bungwe la zaumoyo la PATH pamodzi ndi yunivesite ya Washington ndi bungwe la akatswiri a mankhwala a kumeneko anayambitsa ndondomeko imene mafamase opitirira 100 analowamo. Dokotala ankasaina chikalata chofotokoza mafunso oyenera kufunsa mayi, mlingo wa mankhwala, ndiponso zizindikiro zoti mayiyo atumizidwe kuchipatala, ndipo wa kufamase, ataphunzitsidwa, ankapereka mankhwalawo popanda mayi kuyamba wakaonana ndi dokotalayo. Chigawo cha California chinayamba kulola zofananazo mu 2002. Kuyambira 2013 mapiritsi a levonorgestrel otchedwa Plan B One-Step amagulitsidwa ku America kwa aliyense popanda kalata ya dokotala, komabe a ulipristal amafunabe kalatayo, motero migwirizano yotereyi sinathe ntchito.

Ena anganene kuti kuno kwathu mapiritsiwa amapezeka kale m'mafamase a m'tauni, ndiye mgwirizano ndi wachiyaninso. Yankho langa lili pa zimene zimayenera kukambidwa mankhwalawo asanaperekedwe. Mayi amene akumwa rifampicin wa chifuwa chachikulu cha TB, kapena carbamazepine ndi phenobarbital a khunyu, ayenera kudziwa kuti mankhwalawa amafooketsa mphamvu ya mapiritsi apangozi, ndipo kwa iye lupu ya kopa, imene imaikidwa pasanathe masiku 5, ingakhale yodalirika koposa. Akasanza pasanathe maola 2 chimwereni, ayenera kumwanso. Msambo ukachedwa kupitirira sabata, akayezetse mimba. Choposa zonse m'dziko ngati lathu, mapiritsiwa sateteza ku HIV, ndipo mankhwala a PEP, othandiza kupewa HIV munthu akakhala kuti wakumana ndi chiopsezo chotenga kachilomboka, nawonso amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mtsikana wogwiriridwa akangogulitsidwa piritsi n'kupatsidwa chenji, osauzidwa kuti athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ndiye kuti wathandizidwa pa vuto limodzi n'kusiyidwa pa lina lalikulu. Mgwirizano wolembedwa umakakamiza wa kufamase kufunsa mafunso amenewa mwachinsinsi, kulemba zimene wachita, ndi kudziwa dokotala amene angamuimbire foni akakumana ndi zovuta.

Palinso amene amaopa kuti kupezeka mosavuta kwa mapiritsiwa kungalimbikitse chiwerewere pakati pa achinyamata. Nkhawayi ndimaimvetsa, koma amene amafika pafamase amafika zinthu zitachitika kale, ndipo ena mwa iwo ndi amayi apabanja amene anaiwala mapiritsi awo a tsiku ndi tsiku kapena anachedwa kukabayitsa jakisoni. Mphindi zochepa zimene amakhala ndi katswiriyo ndiwo mpata wowalozera njira yolera yokhazikika.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, la Medical Council of Malawi ndi la Nurses and Midwives Council of Malawi kuti akhale pansi ndi kulemba chitsanzo chimodzi cha mgwirizanowu, afotokoze maphunziro ofunika, ndipo alamule kuti famase iliyonse yolowamo ikhale ndi malo oduka mphepo olankhulirana ndi mayi. Aganizirenso za mtengo ndi za kumidzi kumene kulibe mafamase, kuti ndondomeko yomweyo ikafike kumalo ogulitsira mankhwala ovomerezeka a m'matreding'i senta.

Wowerenga wanu,
Zomba