Musanasaine, musanalipire, musanakwere basi: kalata kwa achinyamata athu

Okondedwa ana anga mwa Ambuye, pamodzi ndi inu makolo amene muwerenge nawo kalatayi,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu.

Chaka chino achinyamata angapo a mumpingo mwathu alemba mayeso a Fomu 4, ena atsiriza maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ena zikwama analongedza kale, akungodikira ya thiransipoti kuti alowere ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Za pemphero ndi za kudzisunga timalankhula paguwa Lamulungu lililonse. M'kalata muno tikambe za mapepala ndi ndalama, pakuti milandu yambiri imene akulu ampingo amaikhalira pansi imayambira pamodzimodzi: munthu anakhulupirira mawu apakamwa, osalemba kanthu.

Mukatsegula Yeremiya mutu 32 mupeza mneneri akugula munda ku Anatoti. Wogulitsa sanali mlendo, anali Hanameli, mwana wa mbale wa atate ake. Komabe Yeremiya anayeza siliva pasikelo, masekeli 17, analemba kalata yogulira, anaimata, anaitana mboni, kenaka anauza Baruki kuti aisunge mumtsuko wadothi kuti ikhalitse. Ameneyo ndi munthu wa Mulungu, akugula kwa mbale wake. Choncho wina akadzakuuzani kuti "bwanji mukufuna tilembe, simukundikhulupirira?", musadzachite manyazi. Chibale ndi fupa sichiola, inde, koma chikumbumtima cha munthu pa ndalama chimaola msanga.

Tiyambe ndi mtsuko wanu. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa ndi bungwe la NRB kuyambira zaka 16, ndipo popanda icho simungalembetse nambala ya foni, kutsegula akaunti kubanki kapena kutenga pasipoti. Onani bwino kalembedwe ka dzina lanu ndi tsiku lobadwa, muyerekeze ndi zimene zili pa satifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB. Chilembo chimodzi chikasiyana, kakonzetseni panopa, musadikire tsiku limene akukuitanani ku intavyu. Chitani fotokope mapepala onse, zitatuzitatu, muwajambulenso pafoni n'kudzitumizira pa imelo, chifukwa foni imabedwa koma imelo imakhalapobe. Enieniwo akhale m'pepala la pulasitiki, m'chikwama chimene chiswe ndi mvula sizifikako. Satifiketi yeniyeni imaonetsedwa, sisiyidwa: bwana aione, atenge fotokope, yanu mubwerere nayo. Ndipo chiphaso chanu musabwereke mnzanu kuti akalembetsere simukhadi yake. Akakabera nayo anthu, dzina limene apolisi adzalipeze ndi lanu.

Nyumba ya lendi muziiona masana, ndi maso anu. Yang'anani kumunsi kwa khoma: pakakhala mzere wakuda kapena pulasitala wosupuka, dziwani kuti dzinja madzi amalowa. Tsekani chitseko muyang'ane kudenga, timabowo ta malata timaoneka ngati nyenyezi. Pitani kuchimbudzi, muwerenge kuti mabanja angati akugwiritsa ntchito. Funsani anthu okhala nawo pampanda, alandilodi atachokapo, kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata, ndiponso kuti amene anatuluka m'nyumbayo anachokeranji. Mita ya ESCOM ikakhala imodzi pa nyumba zinayi, mugwirizane tsiku lomwelo za kasonkhedwe ka mayunitsi, apo ayi inu wa babu limodzi ndi tchaja mudzakhala mukulipirira mnzanu wa mbaula yamagetsi ndi ayironi. Jambulani manambala a pamita ya madzi tsiku lolowa, mufunsenso ngati pali ngongole yakale.

Kenaka gulani kope la masamba ochepa. Tsamba loyamba mulembe dzina la alandilodi, lendi ya pamwezi, tsiku lolipira, ndalama imene mwapereka pasadakhale ndi miyezi imene ikuimira, yemwe adzakonze zikaonongeka, ndi kutalika kwa notisi mbali zonse ziwiri. Asaine iwo, musaine inu, asainenso mboni imodzi. Mwezi uliwonse polipira, asaine m'kope momwemo. Mukatumiza pafoni, uthenga wotsimikizira musafufute. Musapereke ndalama kwa dobadoba amene sanakuonetseni mwini nyumba ndi makiyi. Nyumba imodzi imatha kulipiritsidwa anthu atatu tsiku limodzi, onse n'kukumana pakhomo ndi matiresi awo pamutu.

Pa ntchito, lamulo la dziko lili kumbali yanu kuposa mmene ambiri amaganizira, kungoti salidziwa. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limafuna kuti bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo akupatseni cholembedwa chofotokoza ntchito yanu, malipiro, maola ndi tchuthi. Nthawi yoyesedwa siyenera kupitirira miyezi 12. Maola a ntchito pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Wolandira pamwezi notisi yake ndi mwezi umodzi, ndipo zimenezi zikukumangani inunso: musangodzuka n'kusowa chifukwa mwamva kuti kwina akulipira bwino. Pa penshoni, inu amakudulani 5 pa 100 iliyonse, bwana n'kuikapo 10. Ndiye kuti pa malipiro a K200,000, inu K10,000, bwana K20,000. Vuto limene limachitika n'lakuti ndalamayo imadulidwa papepala koma osafika kumene ikuyenera kupita. Funsani dzina la kampani yosunga penshoniyo ndi nambala yanu, ndipo kamodzi pa chaka mupemphe sitetimenti. Pay slip iliyonse isungidwe. Zikavuta, poyambira ndi ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kumene anthu amati kuleba, ndipo funso loyamba kumeneko lidzakhala lakuti muli ndi pepala lanji.

Ntchito sigulidwa. Aliyense wokuuzani kuti mutumize kaye ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena "ya fanta ya abwana" kuti dzina lanu lilowe, ameneyo ntchito yake ndi inuyo. Amene simunapeze malo ku yunivesite, musakhale chaka chathunthu pakhonde: makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Lilongwe amalandira ophunzira kudzera ku TEVETA, ndipo mmisiri wa mapaipi kapena wowotcherera zitsulo sasowa womuitana.

Tsopano malipiro oyamba. Tsiku limene alowa, anzanu adzadziwa inu musanawauze, ndipo kumudzi foni idzalira. Musanayankhe aliyense, khalani pansi ndi kope lija. Chopereka chanu kwa Mulungu muchipatule poyamba. Kenaka lendi, ndipo lendi ikapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro, nyumbayo si yanu, fufuzani yaing'ono kapena mugawane ndi mnzanu. Kenaka thiransipoti ya mwezi wonse: werengani masiku ogwira ntchito, muchulukitse ndi mtengo wa minibasi kupita ndi kubwera, ndalamayo muiike payokha. Ena amene amachotsedwa ntchito chifukwa chochedwa amachedwa sabata yomaliza ya mwezi, akuyenda wapansi kuchokera ku Area 25 kapena ku Bangwe. Ufa, nyemba, mafuta, mchere, sopo ndi makala mugule kamodzi, osati ka tsiku ndi tsiku. Timapaketi ta mafuta ta pabenchi timaoneka totchipa, koma muwerengere pa mwezi muone.

Makolo athandizidwe, limenelo ndi lamulo la Mulungu. Koma ikani mlingo, muwauze poyera kuti mwezi uliwonse muzitumiza zakuti, pa tsiku lakuti. Zochepa zobwera mosadumphitsa zimathandiza kuposa zambiri za mwezi umodzi zotsatana ndi miyezi itatu ya foni yozima. Inunso makolo ndi amalume, ndikupempheni: mwana wangoyamba kumene, sanagule n'komwe mpando. Musamusenzetse fizi ya abale ake onse ndi feteleza wa mudzi wonse mwezi woyamba.

Zotsala musazisunge pansi pa matiresi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo amene anakumbatira ndalama anaona ikusungunuka m'manja. Ina ikhale kubanki kapena ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake) yolembetsedwa, yoti ikwanire lendi ndi chakudya cha mwezi umodzi mukadwala kapena ntchito ikatha. Ina isanduke chinthu. Chimanga chimatsika mtengo pokolola, cha m'ma Meyi ndi Juni, n'kukwera mu Januwale ndi Febuluwale. Matumba awiri kapena atatu a makilogalamu 50 ogula nthawi yokolola amachotsa nkhawa ya ufa kwa munthu mmodzi. Chikhale chouma bwino, choti mukaluma njere ilire kuti gwa. Muthire mankhwala a anankafumbwe monga mwa malangizo a papaketi kapena muike m'matumba osalowa mpweya aja, ndipo matumbawo akhale pathandala, osagunda khoma. Chipereganyo ndi banki mkhonde n'zabwino, koma lowani gulu la anthu amene mukudziwa kumene amagona, lokhala ndi buku limene aliyense angathe kuliona.

Katapila yekha ndiye ndiima naye pang'ono. Tiyerekeze mwatenga K50,000 pa chiwongoladzanja cha theka pamwezi. Mwezi ukatha ndi K75,000. Mwalephera, aiphatikiza: mwezi wachiwiri K112,500, wachitatu K168,750. Ndalama imene munagulira nsapato ndi foni yadya pafupifupi malipiro onse, ndipo khadi lanu la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi zili m'thumba la munthu wina. Pofuna kubweza, anthu amakatenga kwa wakatapila wachiwiri, kapena amayesa mwayi pobetcha mpira, dzenje n'kumakulirakulira. Mukaona kuti mwalowa kale, musabisale. Bwerani ndi mkulu wampingo mmodzi, mukakhale pansi ndi mwini ndalamayo, muimitse chiwongoladzanja, mulembe ndondomeko yobwezera. Ndipo za kusainira mnzanu ngongole, Miyambo 22 ndime 26 ndi 27 inachenjeza kale kuti adzakulandani ndi kama amene mukugonapo. Kusaina ngati womuimira munthu ndi kuvomera kuti iye akathawa mulipira ndinu. Ngati ndalamayo simungathe kuitaya, musasaine, ngakhale akhale wa kwaya imodzi.

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isakhale chaka chanu chobadwa, ndipo ejenti asakulembereni, lembani nokha mutaphimba ndi dzanja. Uthenga wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" mumaudziwa, koma umagwirabe anthu tsiku limene akuyembekezeradi kutumiza lendi. Wina adzaimba kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa, mumubwezere: onani kaye balansi yanu, osati uthenga umene wabwera. Musanatsimikize kutumiza, werengani dzina limene latuluka.

Amene mtima uli ku Joni, mverani bwino. Pasipoti ya Malawi imakulolani kukacheza ku South Africa masiku 30, ndipo kucheza si chilolezo chogwirira ntchito. Masikuwo akatha, mumakhala mothawathawa, bwana amakulipirani zimene wafuna podziwa kuti simungakadandaule kulikonse, ndipo mukagwidwa ambiri amathera ku Lindela kudikira kubwezedwa. Wokutengani akakuuzani kuti pasipoti n'njosafunika, pa chipata cha Beitbridge adziwa yekha chochita, tsikani. Atsikana, inu makamaka: amayi ambiri a kuno anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwira ntchito za m'nyumba ngati akapolo. Kugulitsa anthu kotere ndi mlandu pansi pa lamulo la chaka cha 2015. Ntchito yakunja ikabwera, funani kontrakiti yolembedwa m'chilankhulo chimene mukumva, dzina ndi keyala ya bwana, mukafunse ku unduna wa zantchito ngati wolemba anthuyo akudziwika, ndipo fotokope ya zonsezi isiyidwe kwa makolo. Pasipoti sapatsa munthu kuti akusungireni.

Za thupi ndinena mwachidule koma mosabisa. Kuyezetsa magazi n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo awiri amene akuganiza za banja akayezetse limodzi. Wagwiriridwa, kapena wachita zimene akuopa kuti watenga nazo kachilombo, athamangire kuchipatala asanathe maola 72. Pali mankhwala otchedwa PEP, omwa masiku 28, ndipo akachedwa sagwira ntchito. Kulapa tidzakamba pambuyo pake, chipatala chiyambe. Banja nalo lili ndi mboni zake: ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 malamulo a dziko amauletsa, ndipo kungolowana chifukwa lendi yakwera kumasiya mtsikana wopanda ankhoswe tsiku limene zinthu zavuta.

Pepala lotsiriza ndi lathu lomwe. Amene mukusamuka, musachoke ngati mukuthawa ngongole. Kaonaneni ndi mlembi wa mpingo akupatseni kalata yosamukira, ndipo Lamulungu loyamba kumene mukupitako mukaipereke kwa abusa kapena kwa mkulu wa dera limene mukakhale, kuti mukadwala kapena kukagwa zovuta pakhale wodziwa khomo lanu. Lamulungu likudzali tikatuluka m'mapemphero a m'mawa, akulu ampingo awiri ndi amayi awiri a chigwirizano adzatsala m'chipinda cha msonkhano. Amene muli ndi kontrakiti, pangano la nyumba kapena kalata ya ntchito yakunja imene simunasaine, mubwere nayo tidzawerengere limodzi. Mubweretsenso kope ndi cholembera.

Ambuye akusungeni potuluka ndi polowa.

Ine mbusa wanu.