Kukhulupirira Mulungu sikukakamira pomwe madzi adatichenjeza kale

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mabanja amene akulangizidwa kuti asamuke m'madera omwe madzi amasefukira chaka ndi chaka, chifukwa dzina la Mulungu likutchulidwa kwambiri pa nkhaniyi, ndipo nthawi zina likutchulidwa m'njira yoika miyoyo ya anthu pachiswe.

Namondwe wa Freddy atawomba m'mwezi wa Malichi 2023, anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adathawa m'nyumba zawo. Napolo amene adatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe sanali chinthu chachilendo m'dziko muno, pakuti achikulire akukumbukira wa ku Phalombe mu 1991, ndipo anthu a m'mbali mwa Shire ndi Ruo ku Nsanje ndi Chikwawa adaona zomwezi mu 2015, mu 2019 ndi mu 2022. Komabe lero alipo amene abwerera kukawumba njerwa pa maziko omwewo amene madzi adagumula, ndipo ukawafunsa amayankha kuti, "Imfa sithawika, Mulungu ndiye amateteza."

Sindikuwanyoza abale athuwa ayi. Munthu amene dimba lake la m'mbali mwa mtsinje limampatsa chimanga, mbatata ndi nyemba ngakhale mvula itavuta, simungamuuze mopepuka kuti akakhale kumtunda kwa miyala kumene mjigo uli kutali. Funso lakuti manda a makolo awasiyire yani nalonso ndi lolemera. Chimene ndikutsutsa ndi chiphunzitso chakuti kusamuka ndi kuchepa chikhulupiriro, chimene alaliki ena akuchilimbikitsa pa misonkhano ya usiku wonse.

Akhristu ambiri timakonda Yeremiya 29:11, vesi lonena za malingaliro a mtendere amene Mulungu ali nawo pa anthu ake, ndipo timaliwerenga pa maukwati ndi pa mapemphero a chaka chatsopano. Koma ndi angati mwa ife amene timawerenga mutu wonsewo? Mawuwo ali m'kalata imene mneneriyo adalembera Ayuda amene adatengedwa ukapolo kupita ku Babulo, anthu amene adasiya nyumba, minda ndi manda a makolo awo ku Yerusalemu. M'mutu 28 muli mneneri wina, Hananiya, amene adawalonjeza zokoma kumva, kuti pasanathe zaka ziwiri zonse zibwerera mwakale. Yeremiya adawauza zowawa, kuti zidzatenga zaka 70, ndipo adawalangiza kuti amange nyumba kumalo achilendowo, alime minda ndi kudya zipatso zake, akwatitse ana awo, ndiponso apempherere mtendere wa mudzi umene afikiramo. Hananiya adamwalira chaka chomwecho. Lonjezo limene timaliloweza pamtimali lidaperekedwa kwa anthu amene adauzidwa kuti avomereze kuyambiranso moyo kwina, osati kwa okana kusuntha.

Ambuye Yesu nawonso, Satana atawauza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi popeza angelo adzawagwira, adakana ponena kuti Mulungu sayesedwa. Anthu a zanyengo akachenjeza pa wailesi kuti kukubwera mvula yamphamvu, ife n'kugona m'khwawa tikuimba nyimbo zachitsitsimutso, ndikuopa kuti tikuchita chimene Ambuye adakana.

Koma mlandu suli kwa osamuka okha. Kumalo ena kumene aboma ndi mabungwe apezera anthu malo, eni mudzi amawatchula obwerawo kuti "a kukampu", amawayang'ana ndi diso la nkhwezule pa mjigo, ndipo ngakhale m'tchalitchi amawasiya kumipando yakumbuyo ngati odutsa. Makolo adati mlendo ndi mame, koma awa sabwera kudzakamuka dzuwa likatuluka. Abwera kudzakhala, kudzabatizitsa ana ndi kudzaikidwa m'manda athu omwewa. Munthu amene wataya mwana m'madzi ndi kumanga msasa wa lona pamalo ongopatsidwa, sangamve kuti Mulungu akumutsogolera ngati mpingo wa kumeneko sukumudziwa ndi dzina lomwe.

Choncho ndikupempha abusa, ansembe ndi akulu a mipingo kuti nkhaniyi ailalikire poyera mvula isanayambe, ndipo makalata osamutsira Akhristu ku mipingo yatsopano awalembe msanga, osayamba afunsa za chopereka chotsalira kwa munthu amene makadi ake adapita ndi madzi. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati ayendere mabanja obwerawo, ndipo amene anali oimba kapena atsogoleri kwawo apatsidwe udindo kuno. Aboma nawo akumbe mijigo ndi kugawa minda yolimapo anthu asanafike, pakuti banja likafika pamalo opanda madzi ndi munda, pofika mwezi wa Novembala limakhala labwerera kale kudimba.

Ine wanu,
Mkulu wa mpingo,
Chikwawa