Kalata ya Abusa: Moyo wa Aretha Franklin ndi Ana Athu a m'Kwaya

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Pamsonkhano wa akulu a mpingo wapitawu panabuka nkhani ya atsikana a m'kwaya amene atenga mimba asanalowe m'banja, komanso ya anyamata amene amayimba m'mabandi Loweruka, ndipo ena anapempha kuti onsewa achotsedwe m'kwaya. Tisanagamule nkhaniyi, ndikufuna tiganizire za moyo wa mayi Aretha Franklin, woyimba wa ku America amene anthu anamutcha mfumukazi ya nyimbo za chamba cha soul.

Aretha anabadwira mumzinda wa Memphis pa 25 Marichi 1942, koma anakulira ku Detroit, kumene bambo ake, Abusa C. L. Franklin, ankatsogolera mpingo wa New Bethel Baptist. Makolo ake anapatukana iye ali ndi zaka 6, ndipo mayi ake anamwalira mu 1952 Aretha asanakwanitse zaka 10. Kunyumba kwa abusawo kunkafika akatswiri a nyimbo zauzimu monga Mahalia Jackson ndi Clara Ward, ndipo mwanayu anaphunzira kuliza piyano pongomvetsera.

Chimene chimandilemera mtima n'chakuti Aretha anabereka mwana wake woyamba ali ndi zaka 12 zokha. Mwana wamsinkhu umenewu ndi wolakwiridwa, ndipo funso loyamba la mpingo liyenera kukhala lokhudza amene wamulakwirayo, osati la mpando umene mwanayo azikhalapo m'tchalitchi. Agogo ake aakazi anathandiza kulera khandalo, ndipo iye sanaleke kuyimba mumpingo, moti mu 1956, ali ndi zaka 14, nyimbo zake zauzimu zoyamba zinajambulidwa.

Atakwanitsa zaka 18 anayamba kuyimba nyimbo zosakhala zamumpingo pansi pa kampani yojambula nyimbo ya Columbia, koma dzina lake linamveka ponseponse atasamukira ku kampani ina ya Atlantic, makamaka mu 1967 pamene anayimba "Respect", nyimbo yopekedwa ndi Otis Redding. Anthu akuda amene ankamenyera ufulu wawo, pamodzi ndi amayi ofuna kulemekezedwa, anaitenga nyimboyi ngati yawoyawo. Sindikunena kuti zonse zimene anayimba n'zoyenera paguwa, ndipo moyo wake unali ndi zowawa zambiri, kuphatikizapo banja loyamba lankhanza. Koma aliyense womvetsera bwino amazindikira kuti kakwezedwe ka mawu ake, ndi mmene ankayankhizirana ndi omuvomera, zinachokera m'tchalitchi cha bambo ake.

Mu Januwale 1972, mbiri yake ili pachimake, anabwerera m'tchalitchi. Kwa mausiku awiri anayimba ku New Temple Missionary Baptist Church mumzinda wa Los Angeles, pamodzi ndi Abusa James Cleveland ndi kwaya yawo, ndipo chimbale cha "Amazing Grace" chimene chinatuluka pamenepo chinagulidwa makope oposa 2 miliyoni. Pa kanema wa mwambowu, amene anadzatuluka mu 2018, Aretha akuoneka atakhala pa piyano, thukuta lili kamukamu, ndipo bambo ake akunyamuka n'kukamupukuta kumaso ndi kansalu iye akuyimbabe. Abusa amenewa sanachite manyazi kuima pambali pa mwana wawo pamaso pa mpingo, ngakhale kuti mwanayo anali atatha zaka zoposa 10 akuyimba nyimbo zimene ena ankaziyesa zakudziko.

Bambo akewo atawomberedwa ndi mbava mu 1979, anagona chikomokere zaka 5 mpaka anamwalira mu 1984, ndipo Aretha anabwerera kukakhala ku Detroit kuti akhale nawo pafupi. Mu 1987 anakhala mayi woyamba kulowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a nyimbo ku America, analandira mphotho za Grammy 18, ndipo mu 2009 anayimba pamwambo wolumbiritsa Pulezidenti Barack Obama. Anamwalira ndi khansa ya kapamba pa 16 Ogasiti 2018, koma oyimba ambiri, a nyimbo zauzimu ndi zina zomwe, amaphunzirabe kwa iye.

Maganizo anga ndi akuti mwambo wa mpingo upitirire, chifukwa Malemba amatilamula kudzudzulana, koma pa Agalatiya 6:1 akutiuza kuti tizibweza wolakwa ndi mzimu wofatsa. Choncho ndikupempha kuti mwana aliyense wa m'kwaya asachotsedwe akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano asanakacheze naye kwawo, ndipo ngati mtsikanayo sanakwanitse zaka 18, nkhaniyo ikafikenso kwa oona za chitetezo cha ana. Makolo onse ndi atsogoleri a kwaya tikumane Lamlungu likudzali tikangoweruka mapemphero a m'mawa.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
Mbusa wa mpingo