Mlandu wakuba munthu suthera pamphasa ya amalume

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga a kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga pa mawu amene ndatopa kuwamva m'chapa ndi pamsika wa ku Ulongué. Akuti wakuba munthu akagwidwa Lolemba, pofika Loweruka amakhala ali kunyumba chifukwa ndalama zayankhula. Sindikukana kuti ziphuphu ziliko. Koma mlandu umodzi umene ndinauona ndi maso angawa unafera m'manja mwa eni akefe, ndipo pamphasa pamene unaferapo inenso ndinalipo.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 9, anatumidwa kuchigayo masana, osabwerako. Tinachezera m'madimba ndi matochi usiku uwiri. Tsiku lachitatu amayi ena ogulitsa mbatatesi pamsewu wopita kumalire a Calómuè anamuzindikira atamukweza pa njinga yamoto bambo wina wa mudzi woyandikana nafe, ndipo anakuwa. Anyamata anamugwira bamboyo, mwamwayi akuluakulu anafika msanga wina asanabweretse petulo. Mwanayo anabwera ndi nsapato imodzi. Mwezi wathunthu sankalola kugona nyali itazima.

Sabata isanathe, abale a bamboyo anafika m'mamawa ndi mbuzi ziwiri, matumba atatu a feteleza, ndi mawu ofewa ngati thonje. "Tisatayane, ndife amodzi, mwana wapezeka." Amalume athu, eni mbumba, anavomera. Ine ndinangowerama. Unali mwezi wa Novembala, mvula itayamba, ndipo matumba aja ndinkawayang'ana ndi diso la mlimi, ndisaname.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti tinkagulitsa chinthu chosakhala chathu. Kuba munthu, kumene m'Chipwitikizi amati rapto, kuli m'gulu la milandu yotchedwa crime público, kutanthauza kuti mwini mlandu ndi boma. Banja silingauchotse, nyakwawa sangauchotse. Makhoti a m'midzi aja, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, ntchito yawo ndi mikangano ing'onoing'ono, ndipo alibe mphamvu yoika munthu m'ndende.

Njira ya mlanduwu ili chonchi. Wogwidwayo ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, ndipo woweruzayo ndiye amanena ngati adikire mlandu ali m'ndende kapena ali kunja. Ofufuza ndi a SERNIC, nthambi ya boma yofufuza milandu, amene analowa m'malo mwa apolisi ofufuza milandu a PIC mu 2017, koma woyendetsa kafukufuku ndi kumanga mlandu ndi woimira boma, procurador uja. Milandu ya chilango cha zaka zambiri ngati umenewu imakaweruzidwa kukhoti la chigawo mumzinda wa Tete, ndipo wosakhutira amachita apilo kukhoti la ku Beira. Woimbidwa mlandu akakhala wosauka, a IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu pa zamalamulo, amamupatsa womuimira kwaulere. Ena izi zimawapsetsa mtima, koma tsiku limene mwana wanu adzanamiziridwa mudzawafuna anthu amenewa.

Tsono mwala wapaphata wa zonsezi ndi mboni. Woweruza sanali pamsewu wa ku Calómuè. Amafuna kumva ndi makutu ake amayi a mbatatesi aja akunena kuti ndinamuona, njinga inali yakuti, mwana anakhala chakuti. Lamulo limati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo limaikanso malire pa nthawi imene angasungidwe m'ndende asanaweruzidwe. Mboni zikasowa, nthawi ija ikatha, chitseko chimatseguka chokha popanda wodya ngakhale metikali imodzi.

Kwathu zinatero kumene. Makalata oitana mboni atafika, mlongo wanga anati, "Achimwene, amalume anamaliza kale nkhaniyi, ndikakanenanso chiyani?" Amayi a mbatatesi aja anawerengera ulendo wa makilomita oposa 200, kupita ndi kubwerera n'kuwirikiza, pogona, chakudya, kutentha kwa ku Tete kumene ife a kumapiri kuno kumatifoola, ndi malonda oima masiku awiri. Anafunsanso funso limene linandilasa: eni mwana alandira mbuzi, ine ndikadanirane ndi mudzi wonse chifukwa chiyani? Anapita kwa mwana wawo ku Dedza mpaka nyengo itadutsa. Bambo uja pano amadutsa pakhomo pathu n'kutipatsa moni. Ndipo anthu omwewo amene anadya nawo nyama ya mbuzi zija ndiwo amakweza mawu pabawo kuti akhoti anadya ndalama.

Timakonda kunena kuti mlandu suwola. Kubwalo la mfumu n'zoona, chifukwa mudzi wonse umakumbukira. Kukhoti umboni umawola ndithu: mboni zimasamuka, zimaiwala tsiku, zina zimawoloka malire.

Nkhaniyi si ya banja lathu lokha. Tonse tikukumbukira mmene anzathu achialubino ankasakidwira cha m'ma 2015 kuno ku Tete, ku Nampula ndi kutsidya ku Malawi, ndipo kawirikawiri wolozera njira ankakhala munthu wodziwika pakhomo. Mlandu wotere ukamathera pamphasa chifukwa cha chibale, wotuma uja, amene ali ndi ndalama, dzina lake silidzamveka konse.

Kwa akuluakulu a zachilungamo ndili ndi pempho. Lamulo loteteza mboni ndi odandaula lilipo kuyambira 2012, koma kumudzi kuno ndi angati amalidziwa? Lifotokozeni m'Chichewa pa wailesi zathu za m'maboma. Nenaninso momveka kuti munthu wosadziwa Chipwitikizi ali ndi ufulu wa womasulira, chifukwa agogo ambiri saopa woweruza, amaopa kusekedwa. Ndipo ngati mayi wa ku Dómuè sangathe kufika ku Tete, bwanji oweruza osabwera kudzamvera milandu yotere kuno kuboma, ngakhale kangapo pachaka? Galimoto imodzi ya boma ndi yotsika mtengo kuposa mlandu wotayika.

Chinthu china ndinachimva mochedwa, nkhani itazizira kale: chipepeso chimene tinkathamangira chija tikanatha kuchipempha kukhoti komweko, mkati mwa mlandu womwewo, woweruza n'kuchilamula pamodzi ndi chilango. Amalume nditawauza anakhala kaye chete, kenako anati mbuzi imodzi ija yaswa ana awiri. Mwana wa mlongo wanga tsopano ali sukulu ya sekondale, ndipo kuchigayo sapita yekha mpaka lero.

Ine wanu,
Mlimi wa mbatatesi, Angónia