Lipoti la msonkhano wa ku Mbare pa nkhani ya filimu ya ana

A tcheya, amayi ndi abambo nonse, moni. Paja munandituma ku msonkhano wa nthumwi ku Mbare, kuno ku Harare, kuti tikaonere limodzi filimu imene akufuna kudzaonetsa ana athu pa tchuthi cha Disembala, ndiye ndati ndilemberetu pano kuti amene simudzakhalapo Lamulungu mumve nawo. Kunabwera a ku Highfield, a ku Mufakose, a ku Epworth ndi ife a ku Mabvuku. Tinayamba mochedwerapo chifukwa magetsi kunalibe mpaka anyamata anakabwereka jenereta, koma filimu tinaonera yonse osadumpha, kenako nkukambirana.

Filimuyo ndi katuni, dzina lake The Wild Robot, anapanga ndi a DreamWorks ndipo inatuluka mu 2024. Anaitsogolera ndi Chris Sanders potengera buku la ana la Peter Brown la 2016, kutalika kwake ndi mphindi 102. Ine maganizo anga ndinena poyera, ndi yabwino kwambiri ndipo ana athu aionere, koma pali malo awiri ofunika kusamala, ndifika.

Nkhani yake ndi ya loboti, Roz, amene sitima yomunyamula inasweka ndi namondwe iye nkupezeka pa chilumba popanda munthu ngakhale mmodzi, nyama zokhazokha. Iyeyo anamupanga kuti azitumikira anthu ndiye akungoyenda kufunsa nyama iliyonse ngati ili ndi ntchito yoti aigwirire, nyamazo zikumuthawa zina zikumumenya. Tsiku lina pothawa chimbalangondo anagwera pa chisa cha atsekwe, onse kufa kutsala dzira limodzi. Dziralo linaswa, ndipo kamwana ka tsekwe kaja chinthu choyamba kuona ndi Roz basi nkumutenga ngati mayi ake. Apa ndiye pagona filimu yonse. Roz ayenera kukaphunzitsa kudya, kusambira ndi kuuluka chisanu chisanafike pamene atsekwe onse amasamuka, chonsecho iye sadya, sauluka, za ubereki sadziwa olo pang'ono, womulangiza wake ndi nkhandwe yabodza imene poyamba imafuna kudya dzira lomwelo.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi thupi la Roz. Poyamba ndi woyera mbee, wonyezimira, koma filimu ikamapita mumaona akukandika, dzimbiri, ndere zikumera pamapewa, mpaka phazi linaonongeka nkumuikira lamtengo. Palibe amene akulengeza kuti taonani mayiyu wavutika ndi mwana, mumangoona nokha. Mayi ena a ku Epworth amene akulera adzukulu makolo awo atamwalira anangoti, uyu ndi ine, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Holo yonse inangoti zii.

Za kajambulidwe ndiye musakambe. Makatuni ambiri a masiku ano amaoneka osalala mopitirira, koma iyi mitengo, miyala ndi mitambo zikuoneka kuti munthu anachita kupenta ndi bulashi. Pali pena Roz akukhudza mtengo wodzaza agulugufe onse nkuuluka nthawi imodzi, ife timaonera pa nsalu yoyera yomangirira kukhoma koma anthu anakuwa ndithu. Ndipo pamene atsekwe akunyamuka, Roz akuthamanga pansi kuwatsatira mpaka pa phompho pothera mtunda, nyimbo ya Kris Bowers ikukwera, ine misozi inatuluka. Bambo ena aakulu a ku Highfield, amene bambo awo anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito kuno mzinda uno wa Harare ukadali kutchedwa Salisbury, anati pamenepo anaganiza za agogo awo aakazi amene anatsala kumudzi osadzamuonanso mwana wawo. Iwowo ndi amene analimbikira kuti akuluakulu nawonso adzabwere, isadzakhale ya ana okha.

Mawu a Roz ndi a Lupita Nyong'o, mayi wa ku Kenya uja, ndipo wagwira ntchito. Koyambirira amalankhula mosangalala mokokomeza mmene makina amalankhulira, kenako mawu amapita akufewa pang'onopang'ono osadziwa kuti zasinthira pati. Filimuyi inalowa nawo pa mpikisano wa Oscar m'magawo atatu, katuni wabwino, nyimbo ndi kamvekedwe, ngakhale mphoto ya katuni inapita kwa filimu ina ya ku Latvia.

Tsopano zija ndinati nzofunika kusamala. Choyamba ndi imfa, filimuyi siibisa kuti nyama zimadyana, koyambirira kuli nthabwala zambiri za kufa ndipo nthumwi ina inati izi sizoonetsa ana a kusande sukulu. Ine ndinayankha kuti ana athu amaona nkhuku ikuphedwa pakhomo, zimenezo sizingawaopse. Chimene ndikuda nacho nkhawa ine ndi pamene mwana wa tsekwe uja, dzina lake Brightbill, wakula nkumva kwa atsekwe anzake kuti amene anapha banja lake ndi Roz yemweyo, ndiye akumukana kuti si mayi ake nkuchoka. Pagulu pathu pano tili ndi ana amasiye, tili ndi ana okhala ndi mayi owapeza, ena makolo awo ali ku Joni zaka zambiri osabwera. Mwana wotere asadzakhale yekha pa benchi pa nthawi imeneyo, pakhale wamkulu pafupi, ndipo filimu ikatha tisadzangoti tiyeni kunyumba ayi. Kutsogolo awiriwa amagwirizananso ndipo ndi pokoma, koma mwana wamng'ono amatha kugwira poyamba paja pokha.

Chachiwiri ndi kumapeto. Kampani imene inapanga Roz imatumiza maloboti ena kudzamutenga, ndiye pamakhala kuomberana, nkhalango kupsa, phokoso lokhalokha. Kwa ine apa ndi pamene filimuyi yafookerapo, zinthu zikuthamanga kwambiri ndipo zikufanana ndi mafilimu ena onse a nkhondo, pomwe mphamvu yake inali pa kulera kuja. Anyamata a ku Mufakose anatsutsa, akuti pamenepo ndi pomwe ana aamuna adzadzuke pampando, mwina akunena zoona. Koma ana aang'ono kwambiri atha kuchita mantha ndiye sipika idzatsitsidwe pang'ono.

Panabukanso nkhani ya chiyankhulo poti filimuyi ndi ya Chingerezi. Ena amafuna tipeze munthu wa maiki azimasulira ikuyenda monga amachitira m'mavidiyo shoo a kumudzi, ine ndinakana ndipo ambiri anagwirizana nane, zithunzi zake zikufotokoza zokha ndipo munthu akamalankhula pamwamba aphimba nyimbo zija. Tinagwirizana kuti isanayambe munthu mmodzi afotokoze nkhani mwachidule m'Chichewa chifukwa cha agogo, ikatha ana afunsidwe mafunso m'Chichewa momwemo, oyankha m'Chishona asakalipiridwe koma athandizidwe kubwereza.

Zimene msonkhano wamanga ndi izi, filimu ionetsedwa sukulu zikangotseka, masana kuti ana abwerere kukadali kowala ndipo makombi, maminibasi aja, asanavute. A ku Highfield abweretsa pulojekita, a ku Mbare holo, ndipo padzagulidwa filimu yeniyeni osati zojambula pa foni zija zimaoneka mbuu. Ife a ku Mabvuku atipempha mafuta a jenereta, nsalu zakuda zotchinga mawindo ndi amayi oti adzakhale pakati pa ana. Ine sindinalonjeze ndalama iliyonse poti simunandipatse mphamvu imeneyo, ndinati ndikafunse kaye. Ndiye a msungichuma mudzabwere ndi buku Lamulungu, ndipo kholo lililonse lilembetse ana ake kwa a mlembi ndi zaka zawo kuti tidziwe aang'ono alipo angati.